Mwala Uja Munatumiza

Madzimoyo, Chipata
14 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Gerson,

Ndikhulupirira muli bwino pa sitima yanu pakati pa nyanjapo. Kuno tilipo, mtedza tinakumba. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu siikulowa kuyambira Epulo, ndipo ku kampani kwanu amangoti tidikire.

Mwala uja munatumiza unafika. Paja munati makina anu anauthyola pansi penipeni pa nyanja, pomwe madzi otentha amafuka ngati utsi wakuda, ndipo mkati mwake muli mkuwa ndi golide. Amayi anauika pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha malemu abambo. Koma achimwene, mwalawu umanunkha ngati mazira owola. Umachita thukuta chilimwe chino, ndipo kansalu koyera ka pansi pake kadzaza mawanga ofiira. A Mbewe, aphunzitsi a sayansi, akuti ndi dzimbiri chabe. Komatu mphaka salowanso m'chipindamo.

Amayi amaupukuta m'mawa uliwonse, n'kumaufunsa kuti, "Wadzuka bwanji, Gerson? Kukuzizira kumeneko?"

Lamlungu kunabwera amalume a Wilbroad kuchokera ku Kasenengwa. Chakudya anakana. Anaima nthawi yaitali kuseri kwa nyumba akuyang'ana nthochi zija, kenako anandifunsa kuti ndi thunthu liti lofanana ndi msinkhu wanu. Mukudziwa chimene timaika m'manda thupi la munthu likapanda kupezeka.

Chikwanje ndabisa, koma akuti abweranso Loweruka ndi chawo.

Yankhani, ngakhale liwu limodzi.

Ndine mlongo wanu,
Emma