Khadi Limene Munalibe

Amayi, mukupezako bwanji kumeneko?

Lero ndakumbukira tsiku lija munadzitema ndi khasu kumunda wa mtedza, ine ndili sitandade sikisi. Munandiuza kuti ndikumangeni phazi ndi mpango, koma nditaona magazi ndinakomoka, n'kukhala inu wovulala amene mukundithira madzi kumaso. Munaseka njira yonse mpaka kunyumba. "Iwe ndiwe wa mabuku," munatero, "za magazi usiyire anzako." Ndiye musaseke kwambiri ndikakuuzani kuti ndikufunsira malo kusukulu ya anamwino.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mng'ono wanga Feliya anabereka mwana wamkazi mwezi wa Meyi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Chimanga sichinachite bwino, koma manachesi anabereka mpaka nthambi kuthyoka. Mbuzi yanu yamawanga ija inabedwa. Phiri la kuseri kwa nyumba latsala ladazi, mitengo yonse yapita kumisasa ya othawa nkhondo. Sindikuwanena, nawonso ayenera kuphika. Abambo ali bwino. Ali bwino kwambiri moti ayamba kudya chamasana kwa mayi wina wa kwa Nthache. Pamenepo sindiwonjezera.

Kusukuluko akuti atenga anthu ochepa amene ali kale ndi digiri ina. Yanga ndi ya mbiri yakale, ija munaivinira pabwalo mpaka duku kugwa. Zaka zinayi ndinkawerenga za nkhondo za anthu akutali, pamene nkhondo ya ku Mozambique inkakhuthulira anthu pakhomo pathu penipeni. A kusukuluko akufuna zinthu ziwiri: tsamba lofotokoza chifukwa chimene ndikufunira unamwino, ndi kalata ya namwino wamkulu amene wandiona ndikugwira ntchito pakati pa odwala. Choncho ndinapempha tchuthi kusekondale kumene ndimaphunzitsa, n'kukadzipereka kumasulira Chinyungwe pachipatala chaching'ono chija. Inde, chomwe chija.

Tsiku lanu lomaliza ine kunalibe, ndinali ku Blantyre kuchonga mayeso. Zonse ndinamva kwa achimwene Yohane, amene anakunyamulani panjinga. Pachipatalapo pali mizere iwiri: wa eni dziko pakhonde, wa othawa nkhondo kutenti, kumtunda. A sisitala, namwino wamkulu wa pamenepo, anangoona mphini zanu, n'kumva Chichewa chanu chosakanikirana ndi Chinyungwe, basi. "Othawa nkhondo kumtunda uko." Kutenti anafunsa khadi la othawa kwawo. Mukanalitenga kuti, inu amene munabwera kudzakwatiwa kwa Kanduku zaka makumi atatu zapitazo, nkhondo isanayambe n'komwe? Anakubwezerani kukhonde. Pakhonde anati kumtunda. Pamene achimwene ankakankha njinga pachitundapo kachiwiri, n'kuti mutasiya kale kuyankha. Anali malungo chabe, Amayi.

Miyezi isanu ndi umodzi ndagwira ntchito pansi pa a sisitala omwewo, osawauza kuti ndine mwana wa yani. Ndinapita ndili wokonzeka kudana nawo. Koma ntchito amaidziwa. Amapeza mtsempha pamkono wa mwana wouma ndi kutsekula m'mimba, ena onse atalephera. Chimanga chowotcha amadya ali chiimire, mapazi atatupa. Zimenezi zimandipsetsa mtima kuposa akanakhala waulesi.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndatengera cholembera. Lachiwiri lapitali mzere unafika mpaka kumsewu, ndipo anandikhazika patebulo lolembera odwala. Dzuwa litafika pamutu kunabwera agogo ena aamuna, atafunda chiguduli, milomo itang'aluka. Ndinawayang'ana kamodzi kokha, n'kumva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Othawa nkhondo kumtunda uko." Sindinawafunse dzina. Sindinawafunse mudzi. Inu amene munkatikalipira mlendo akaima pabwalo ife n'kumangomuyang'ana: "Mufunseni dzina munthuyo, mukuona ngati ndi mbuzi?" Patapita ola ndinasiya tebulo n'kuthamangira kutenti. Panalibe amene anawaona. Mwina anathandizidwa ndi ena, mwina anabwerera kumene anachokera. Sindikudziwa, ndipo nkhope yawo sikuchoka m'maso mwanga.

Dzulo a sisitala anandiitana kuti ndione kalata yanga. Alembamo kuti ndine wodekha ndi wachifundo. Nditaiwerenga ndinati, "A sisitala, chaka chatha munabweza kawiri mayi wina wa mphini amene anabwera panjinga. Anali amayi anga. Anafera pachitundapa."

Anavula magalasi n'kundiyankha.

"Aphunzitsi, chaka chatha ndinabweza anthu angati? Mankhwala a pakhonde amabwera padera, a kutenti padera. Ndikasakaniza, mwezi wamawa galimoto ya mankhwala sibwera. Ndiye ndidzawauza chiyani onsewa?"

Ndinadikira mawu akuti pepani. Sanabwere. Anatenga chidindo n'kumenya pakalatapo. "Pitani mukaphunzire," anatero. "Mudzabwere mudzakhale pampando uno, tidzakuoneni."

Sindinawauze kuti ndakhalapo kale. Kulimba mtima kwanga kunathera pomwepo.

Tsamba lofotokoza chifukwa lija ndinali nditalemba kale bwinobwino, m'Chingerezi chosalala, kuti chiyambire ubwana wanga ndimakonda kusamalira odwala. Inu mukudziwa kuti ndi bodza. Ndaling'amba. Ndalemba za inu, za njinga, za mizere iwiri, ndi za agogo amene ndinawabweza ndi pakamwa panga. Achimwene ataliwerenga anagwira pamutu. "Elube, wapenga? Anzako akudzitama, iwe ukudzisumira wekha! Sukulu yonseyi n'kukhalabe wopanda nzeru?" Mwina akunena zoona. Malo ndi ochepa, ndipo mwayi wotere sindikudziwa ngati udzabweranso. Akandikana ndibwerera ku choko, kukaphunzitsa ana za mafumu amene anafa kalekale, ndipo tebulo lija lidzakhala ndi wina. Komabe sindikanatha kulowa pakhomo limenelo ndi bodza lachiwiri pamwamba pa kalata yonditcha wachifundo. Mapepala onse awiri ali mu envelopu imodzi. Akawerenge, akasankhe okha kuti ndine uti. M'mawa uno ndaipereka kumalire kwa dalaivala wa lole yopita ku Blantyre, kumene kuli sukuluyo, ndipo sindingaibwezenso.

Sindikulonjezani kuti ndidzakhala namwino wabwino, poti ineyo sindikudzikhulupirira. Ndikulonjeza chinthu chimodzi. Kuyambira Loweruka ndiyenda msasa ndi msasa, mudzi ndi mudzi, kufunsa za agogo aja, ndipo sindisiya mpaka nditadziwa ngati ali moyo.

Kumanda sindingalowe ndekha popanda maliro, mukudziwa. Koma mawa amuna akukalambula kumeneko, ndipo amalume avomera kuika masambawa pansi pa mwala wa kumutu kwanu. Ali pakhomo pano, atsamira njinga, akufunsa ngati ndikulemba buku. Ndikupinda tsopano kuti ndiwapatse.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndidakali wokwiya.

Ine mwana wanu,
Elube