Ndamenya Chigawenga cha pa Kanema

Jiab,

Ndapita kuchipatala. Ine ndili bwino, wavulala ndi wina.

Unandiuza kuti anthu a sewero la zigawenga lija adzajambula pakhomo pa lesitilanti yathu Lachisanu. Lero ndi Lachinayi, ndipo kamera sindinaione. Ndinangoona amuna atatu a masuti akuda akukokera mtsikana m'galimoto, iye akulira. Ine ndinali ndi chipande cha msuzi m'manja. Wamtali mwa atatuwo mphuno yatupa ngati bango lakupsa.

Mtsikanayo m'malo mothokoza anandikalipira: "Amalume, mwapenga? Tikungoyeserera! M'seweromu ameneyu ndi wachikondi wanga!" Ndinafunsa mkulu wawo, Khun Wirat, ngati mnyamatayo ndi womuba kapena womukonda. Akuti zonse ziwiri. Malemu amayi ako ankazimvetsa zimenezi. Ine ayi.

Akuti ndikapanda kupepesa lero, akajambulira pa lesitilanti ya a Somjit kutsidya kwa msewu. Ndikudziwa kuti iwe wapenta khomo lathu lonse kudikira tsikuli. Ndiye ndatenga nkhata ya maluwa ija inali pachithunzi cha amayi ako kuti ndikapepesere. Ugule ina, uwauzenso amayi akowo pachithunzipo kuti ndangobwereka. Msuzi uli pamoto, uchepetse gasi.

Pepa mwanawe. Za mphunozo ndikapepesa ndithu, manja pamodzi, mutu pansi. Koma mtsikanayo anati "ndisiyeni" katatu, ndinawerenga. Mawa akamamukokanso, undibisire chipande.

Bambo ako