Ukhansala Wasowa Mwini

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Sanga tilipo. Esinati wanu, mng'ono wanga uja, wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chinangwa chachita bwino chaka chino. Koma mlatho wopita kuchipatala udakali mitengo iwiri ija tinakuwolotsanipo pa machira, madzi atadzaza, n'kukafika mochedwa. Khansala wathu timangomuona pa maliro, nthawi ya chakudya.

Chisankho chayandikira, ndiye amayi a kumpingo anandituma kukasaka munthu wanzeru woti aime. Amayi, nsapato zandithera. A Chirwa, aphunzitsi opuma aja, akuti iwo si kalipentala, poti kuno khansala amamuyesa wogula bokosi la maliro alionse. NyaManda, namwino amene anakusamalani uja, anavomera Lolemba, Lachinayi n'kukana. Mukudziwa kuti pa chisankho cha chipulula anthu amandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. NyaManda akuti sangapirire kucheuka n'kuona azimayi amene anawachiritsa ataima kumbuyo kwa wina chifukwa cha chitenje. Abwino onse akuthawa, amene akuulimbirana mpandowo ndi omwe sungawasiyire ngakhale mbuzi. Zandikwana, ndipo ndakwiya.

Dzulo ndinapita kukawakalipira NyaManda. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma, kenako anati, "Nanga iwe bwanji osaima?"

Ndinayankha kuti ine ndine mwana wa obwera, a ku Mulanje odzagwira ntchito ku esiteti ya mphira, ndipo Chitonga changa ena amachisekabe. Pobwerera manyazi anandigwira. Mwezi wathunthu ndakhala ndikunyoza anzanga kuti ndi amantha, chonsecho chifukwa changa ndinali nditachipinda bwinobwino m'thumba.

Ndinadzera kumanda kukazula udzu. Inu mwagona m'dothi lino, bambo pambali panu, mchombo wanga unakwiriridwa pompano. Ndiye mlendoyo ndani? Munkakonda kunena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Wanga wakula, Amayi, imvi zayamba.

Mawa ndikalembetsa dzina. Mantha ndili nawo, mwina pa mzere wanga padzakhala Esinati yekha ndi khanda kumsana. Koma ndikulonjeza kuti sindidzacheuka mpaka atamaliza kuwerenga, ndipo ndikapambana, mdzukulu wanuyu sadzawoloka pa mitengo. Tsikulo inu mudzaime kumbuyo kwanga, ngakhale sadzakuwerengani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eluby