Banca Zitatu

Lolemba, 3 Juni

Mvula yowaza kuyambira m'mawa. Kuzizira. Ndalama ya chithandizo cha sukulu inatha mwezi watha. Zaka 29, digiri imodzi ndi theka, ndikugonabe m'chipinda chimene ndinkagona ndili mwana.

Pulofesa Zuleide, amene amayang'anira kafukufuku wanga, apereka tsiku: 21 Juni. Ndidzaima pamaso pa banca, aphunzitsi atatu ondiyesa, kuteteza pepala langa la mvula ya ku Cariri. Zaka ziwiri ndikuwerengetsera madontho a dera limene mvula imalizemba. Lero ndawerenganso mutu woyamba, ndipo sindikudziwa ngati ndi wanzeru kapena ndi wautali chabe.

Masana anabwera Derlei, msuweni wanga, mwana wa amalume Genival. Sukulu anaisiyira panjira, amadyera poka, juga ya makadi ya pa intaneti, ali ndi njinga yamoto yatsopano. Wanditsegulira akaunti. Ndaikamo mareyali 100, onse amene ndinali nawo. "Iyi ndiye banca yako, Apulofesa," anatero. Ndinaseka. Inanso? Amayi ali ndi banca yawo kale, benchi lawo la tchizi kumsika waukulu. Ine ndikudikira banca ya aphunzitsi. Tsopano iyi, thumba la ndalama yosewerera. Mawu amodzi, zinthu zitatu. Chilankhulo chathu n'chaumbombo.

Zimene wandiuza, ndisanaziiwale. Gawa banca pa 50, ndipo usakhale patebulo lolowera ndalama yoposa gawo limodzi. Ndiye kuti ine ndi wa matebulo a mareyali awiri. Makadi ambiri amene ungapatsidwe ndi otaya, usawamvere chisoni. Ndipo chimene anabwereza akuvala chisoti chake: "Ndalama ya banca isakhale ndi dzina lina. Ikakhala ya lendi, ya mankhwala, ya mpunga, imeneyo si banca, ndi mavuto."

Lachitatu, 5 Juni

Ndasewera masana onse. Kapena ndinene kuti ndataya makadi masana onse. Kudina, kutaya, kudikira. Sindimadziwa kuti masewera angafanane ndi mzere wa kubanki.

Nditapeza mafumu awiri, makadi amphamvu, ndinabetcha monga anandiphunzitsira. Munthu wina wotchedwa Tatu77 ananditsatira ndi makadi opanda pake, khadi lomaliza n'kumukomera. Ndalama yapita. Kenaka ine, chifukwa cha mkwiyo, ndinalowa ndi 9 ndi 4, zinyalala zenizeni, n'kupambana. Ndatsala ndi 88.

Ndinamuimbira Derlei. Akuti pamene ndinaluza ndinasewera bwino, pamene ndinapambana ndinalakwitsa. Ndinamufunsa kuti nanga munthu amadziwa bwanji kuti akukhoza. "Ukagawiridwa makadi maulendo zikwi makumi angapo, aise. Iwe si ndiwe wa mvula? Chaka chimodzi chimakuuza chiyani?" Palibe. Mutu wanga wachitatu wonse umanena zimenezo. Koma papepala sizipweteka chonchi.

Ndinamuuza kuti banca ikundisowetsa mtendere, ndalama ndi yochepa, sindikuona ngati ndifika nayo kumapeto. Chitseko chinali chotsegula. Amayi anali pakhonde, akutsuka nsalu zokulungira tchizi.

Lachinayi, 6 Juni

Pakhofi wa m'mawa Amayi anaika kamtolo pambali pa mbale yanga. Pepala la tchizi, labala kawiri. Mareyali 700, ndalama zakutha, zonunkha mchere.

"Ndinakumva dzulo, Naldo. Ya banca yako iyi. Usindikize mabuku akowo ndi chikuto cholimba, ugule malaya, anthuwo uwadyetse bwino. Asakuone ngati mwana wopanda kwawo."

Ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka ndi zikomo.

Ndikudziwa kumene yachokera. Ndi ya oda ya tchizi wa chikondwerero cha Yohane Woyera, mwezi umene msika umadyetsa chaka chonse. Achepetsa oda.

Sindinaname. Amayi ananena banca, ine ndinamva banca. Ndabwereza chiganizo chimenechi kangapo ndipo nthawi iliyonse chikumveka chonyansa kuposa poyamba.

Loweruka, 8 Juni

Kamtolo kali m'dirowa. Sindinakakhudze. Ndangowerengetsera.

Kusindikiza mabuku atatu ndi kumata chikuto, pafupifupi 290. Makeke, madzi a zipatso, malaya. Zonse zikufunika sabata ya mawa kumapeto, osati lero. Ndalama ingogona sabata yathunthu.

Pamatebulo a mareyali awiri, ngakhale nditasewera ngati mngelo, phindu lake silingakwane basi. Koma 88 kuphatikiza 700, kugawa pa 50, ndikutha kukhala pa matebulo a 15. Lamulo silikuphwanyidwa. Ndawerengetsa kawiri. Masamu ali bwino.

Masamu anga amakhala bwino nthawi zonse. N'chifukwa chake sindimadzikhulupirira.

Lamulungu, 9 Juni

Ndaika.

Lolemba, 10 Juni

1,060.

Chilichonse chimene ndimagwira chimabwera. Anthu a matebulo a 15 si afiti, amalakwitsa ngati enawo. Ndaphunzira kudikira mpaka ndikhale womaliza kulankhula, ndione kaye zimene anzanga achita. Kapena ndi mwayi chabe. Sindikutha kusiyanitsa. Ndikabwezera Amayi 700 yawo ndi ina pamwamba, aonjezere oda. Ndinayamba kale kukonza mawu ake m'mutu.

Derlei sanasangalale. "Wapambana? Pepa." Kenaka anafunsa kuti 15 ndafikako bwanji ndi banca ya 88. Ndinamuuza.

"Ya azakhali? Iwe, ndinati ndalama yopanda dzina."

Ndinati dzina lake ndi banca, eni ake anatchula okha.

"Sukulu yonseyo unkaphunzira zimenezi? Tulutsa 700 lero, utsike pa mareyali asanu. Bambo anga akamva kuti ndine ndinakutsegulira, andisenda."

Ndinati nditulutsa mawa. Pulofesa Zuleide atumiza uthenga kufunsa za tebulo la ziwerengero la m'mutu wachinayi. Ndinawerenga mawu akuti tebulo n'kuona nsalu yobiriwira ya tebulo la poka.

Lachisanu, 14 Juni

Sindinalembe chifukwa ndinalibe nkhope yoonetsa ngakhale kwa pepala.

312.

Lachiwiri sindinatulutse, ndinati ifike kaye 1,200. Maesi awiri, makadi aakulu kuposa onse. Ndinaika zonse za patebulopo, monga aliyense angachitire. Wina anali ndi ma 6 awiri, 6 wachitatu n'kugwa. Palibe chimene ndinalakwitsa. Ndinatsegula tebulo lina, kenaka awiri nthawi imodzi. Pamenepo kutaya makadi kunayamba kuoneka ngati mantha. Lachitatu ndinakwera pa matebulo a 50 kuti ndibweze msanga. Ndinkadziwa kuti banca ikachepa munthu amatsika. Ndinkadziwa ngati mmene ndimadziwira dzina langa. Dzanja linakwera lokha.

Chimene chikundizunguza: ndikayang'ana dzanja lililonse la makadi palokha, ndikutha kufotokoza chifukwa chimene ndinachitira. Palibe pamene ndingaloze n'kunena kuti apa ndi pamene ndinapenga. Ngati chilala. Palibe tsiku limene chimayamba, umangoona kuti mbuzi zaonda.

Mabuku akufunika Lolemba ku ofesi ya sukulu, apo ayi tsiku lisunthidwa mpaka Ogasiti kapena kupitirira. Mmodzi wa ondiyesa, wochokera ku Recife, akupita kunja.

Amayi anafunsa ngati ndagula malaya. Ndinati ndikusankhabe mtundu.

Loweruka, 15 Juni

Ndinathandiza kumsika. Mbendera zamapepala paliponse, nyimbo za kodiyoni, utsi wa chimanga chowotcha, alendo ngati nyerere. Benchi la Amayi theka lopanda kanthu. Aika tchizi motalikirana kuti lioneke lodzaza. Isanakwane nthawi ya nkhomaliro, tchizi wowotcha anali atatha, ndipo ndinaona makasitomala awo akale akupita kwa ena.

Dona Lindalva, wa chimanga wa pambali pathu, sanandisiye. "Adokotala a mvula, tiuzeni, igwa mawa? Kapena mudikira igwe kaye kuti mulembe?" Msika wonse kuseka. Kenaka kwa Amayi: "Marluce, banca yako yaonda chaka chino, ikudwala?"

Amayi osatekeseka, akupukuta mpeni. "Ikudyetsa inzake. Mwana wanga ali ndi banca yake Lachisanu, ya maprofesa atatu. Yako ili ndi angati?"

Ndinapita kukataya madzi amene sanafunike kutayidwa.

Pobwerera m'basi anafunsa ngati maprofesa amadya keke ya chimanga kapena amaiona ngati ya kumudzi. Ndinati amadya. Ndinali ndi mawu onse pakamwa. Anagona paphewa langa tisanafike padamu.

Lamulungu, 16 Juni

Lero pali mpikisano waukulu wa Lamulungu. Kulowa 110, woyamba amatenga zikwi zambiri. Ngakhale wa nambala 40 amabweza zonse zimene ndataya. Ndinauyang'ana m'mawa wonse. Anthu olembetsa akuchuluka, nambala ikusintha ngati mita ya madzi.

312 kuchotsa 110, sindisindikiza. 312 kuchotsa 290, ndisindikiza, koma palibe malaya, palibe makeke, ndipo 400 ya Amayi yapita basi, osabwereranso. Njira yoyamba ili ndi chiyembekezo. Yachiwiri ilibe chilichonse koma mabuku atatu amene sindikudziwa ngati ndi abwino.

Derlei anabwera osaitanidwa. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana ine. Ndimayembekeza chipongwe. Anangokhala pabedi n'kunena kuti iye banca inamuthera kawiri, kachiwiri anagulitsa firiji ya mkazi wake. Sindimadziwa. Ndimangoona njinga. Ndinamufunsa ngati angandibwereke. "Ayi. Yanga ndi banca, sindiikhudza. Ukuona mmene zimakhalira?" Ndinamuda kwa kanthawi ndithu.

Akutuluka anati: "Tsiku loyamba ndinakuuza kuti makadi ambiri ndi otaya. Unkaganiza kuti ndikunena makadi okha?"

Zimene waika kale pakati pa tebulo si zakonso. Anandiuzanso zimenezo, kalekale, sabata ziwiri zapitazo. Sindikudziwa ngati ndazimvetsa kapena ndangotopa.

Ndadina potulutsa ndalama. 290. Makina anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinaseka ndekha. Ine kutsimikiza?

Lolemba, 17 Juni

Mabuku atatu, chikuto chakuda, zilembo zagolide. Olemera kuposa mmene ndimaganizira. Dzina langa alilemba bwino. Patsamba lachiwiri pali mawu akuti kwa Amayi anga, Marluce, amene ndinalemba mu Epulo ndili munthu wina.

Malaya ndibwereka kwa Derlei. Manja a malayawo ndi aafupi.

Lachinayi, 20 Juni

Ndauza Amayi kuti za makeke sizinatheke, ndalama inathera kwina. Ndinaima pomwepo, kudikira funso. Ndinali nditakonzeka kuyankha, ndikulumbira. Anangogwedeza mutu. "Zinthu za kusukulu n'zodula, ndimadziwa. Usade nkhawa, ndiphika ndekha."

Uvuni wayaka kuyambira masana. Nyumba yonse fungo la chimanga ndi kokonati. Ndikubwereza mawu anga a mawa kukhoma: chaka chimodzi cha mvula yambiri sichisonyeza kuti dera lasintha, ndipo mlimi amene amagula ng'ombe chifukwa cha chaka chimodzi chotero... Ndinalemba ndekha zimenezi. Ndi ziwerengero zake.

Lachisanu, 21 Juni

Ndakhoza.

Mafunso sindikuwakumbukira bwino. Wa ku Recife anati mutu wachitatu ndi wabwino kwambiri, ndiusindikize m'magazini. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani alimi amapitirizabe kukhulupirira chaka chabwino chikadutsa, pamene amadziwa dera lawo kuposa ife. Ndinati kudziwa ndi kusiya n'zinthu ziwiri zosiyana. Analemba. Pulofesa Zuleide anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

Amayi anakhala kumbuyo, diresi la kutchalitchi, thireyi pamiyendo. Keke ya chimanga ndi tchizi wabwino kwambiri, amene akanagulitsa mawa. Atseka benchi lawo lero, Lachisanu la chikondwerero, chinthu chimene sanachitepo ngakhale pamene ankadwala msana. Maprofesa anadya kawiri. Derlei anaima pakhomo ndi chisoti m'manja, osayang'ana azakhali ake m'maso.

Banca imodzi yatsekedwa chifukwa cha ine. Ina yandivomera. Yachitatu ili ndi mareyali 22, ndipo lamulo la 50 likuti palibenso tebulo langa. Kapena alipo a masenti. Sindinafufuze. Ayi, ndinafufuza. Alipo.

Potsika masitepe Amayi anandigwira mkono, pamene malaya a Derlei amathera. "Ndiye banca yako yatha tsopano, eti mwanawe? Sidzafunanso ndalama?"

Ndinati yatha.

Iwo amanena imodzi. Ine mpaka pano sindikudziwa kuti ndimayankha za iti. Ali kukhitchini, akutsuka thireyi, akuimba. Kompyuta ili apa, yotseka. Khitchini ili pafupi chimodzimodzi. Ndaimirira kale kawiri