Mamilimita Awiri

Lolemba, pa 4 Malichi

Tsiku loyamba la maphunziro obzala mano. Tilipo khumi ndi awiri, tonse madokotala a mano, ena imvi mbuu. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuzula ndi kumata, lero ndabwerera pabenchi ngati mwana wasukulu. Chipinda chapamwamba, mawindo osatseguka, fungo losaneneka. Aliyense wapatsidwa nsagwada ya nkhumba pathireyi. Yanga inali ndi mano abwino kuposa odwala anga ambiri.

Ntchitoyi pokamba ndi yophweka. Kung'amba usinini, kuboola fupa, kulowetsamo kabawuti kachitsulo, kusoka. Pakatha miyezi fupa likagwira kabawutiko, n'kuvekapo dzino. Aphunzitsi ndi bambo wamfupi, wolankhula motsitsa, wouma pakamwa pa nkhani yoyamikira. Ati m'nsagwada ya m'munsi mumadutsa mtsempha umene umachititsa kuti mlomo ndi chibwano zizimva kukhudza. "Ameneyo muzingopatsana naye moni chapatali. Musiyireni mamilimita awiri." Tonse kuseka. Ine ndalemba m'kope, ndadula mzere kunsi kwake.

Lachisanu aliyense abwere ndi wodwala weniweni. Ine ndinalembetsa kale Bambo.

Lachiwiri, pa 5 Malichi

Bambo pafoni, chimwemwe chokhachokha. Mano awo awiri otafunira ndinawazula ndine zaka zitatu zapitazo. Oikirira amene ndinawapangira amasunga m'kachitini ka misomali, ati amawasokoneza poimba mluzu. Ndipo mluzuwo si wamasewera. Nkhunda zawo makumi atatu zimatsika padenga zikamva umenewo basi. Chimwalirireni Amayi, nkhundazo ndiye anthu awo ocheza nawo.

Zimene ndawauza: kuli katswiri wamkulu, adzawathandiza mwaulere. Zimene sindinawauze: katswiriyo adzangoima pambali, chobowolera chidzakhala m'manja mwanga, ndipo iwo ndi munthu wamoyo woyamba amene ndidzamuboole fupa. Si bodza ayi. Ndangodula choonadi pakati, theka lina ndaika m'thumba.

Achimwene anga atamva kuti Bambo ndikupita nawo kumaphunziroko, ati, "Iwe, mdalayu si nkhumba ya kusukulu kwanu." Ndawafunsa kuti pakati pa ine ndi iwo anaphunzira za mano ndani. Ndalusa kwambiri, kuposa mmene nkhaniyo inalili.

Lachitatu, pa 6 Malichi

Nsagwada za pulasitiki tsiku lonse. Chobowolera chili ndi timizere takuda tosonyeza kuya, 8, 10, 12. Palinso kamphete kovekapo kuti chisapitirire pamene wayeza. Kakagunda fupa, basi, ngakhale ukankhe bwanji.

Andiphatikiza ndi dokotala wina wa zikhatho ngati mafosholo, tikumutcha Chimanja. Wodekha moti mpaka kutopetsa. Bowo lililonse aveke kamphete, ayeze, ayezenso. Ine ndaboola asanu iye ali pa lachiwiri. Kampheteko kamanditchinga, sindiona bwino pamene ndikuboola, ndiye ndimangowerenga timizere ndi maso. Ndamuseka kuti kamphete n'ka amantha. Iye ati, "Eya, ine ndine wamantha, achemwali."

Aphunzitsi aona mabowo anga, ati "Hmm." Ndabwera nayo kunyumba hmm imeneyo ngati mendulo.

Lachinayi, pa 7 Malichi

Chithunzi cha nsagwada ya Bambo pakompyuta. Kuchokera pamwamba pa fupa kufika pamtsempha, mamilimita 12. Ndiboole 10. Aphunzitsi avomereza, asayina.

Bambo asita jekete la kutchalitchi. Ndawauza kuti akukagona pampando wa mano, si ukwati. Ati munthu sapita kwa katswiri atavala ngati akukadyetsa nkhunda.

Ndinali ndi mpata wowauza. Kawiri konse. Ndakamba za basi ya mawa.

Lachisanu, pa 8 Malichi

Ndilembe mmene zinachitikira, chifukwa mawa ndiyamba kuzikonza m'mutu.

Mipando isanu m'chipinda chimodzi, mphunzitsi mmodzi. Aphunzitsi anawalonjera Bambo, kuwabaya jakisoni wa dzanzi, kuwaphimba kumaso ndi nsalu yobiriwira, pakamwa pokha poonekera. Ine kung'amba usinini. Bwinobwino. Chimanja atagwira kapaipi koyamwa madzi. Kenako pampando wachitatu wodwala wina magazi osasiya, Aphunzitsi n'kuthamangira komweko. Anati tidikire.

Sindinadikire. Anzathu awiri anali pakhomo kudikira mpando wathu, ndiponso ndinkafuna Aphunzitsi pobwera apeze ndamaliza. Bambo sayasamula kwambiri, kamphete kankagunda dzino la kutsogolo. Ndinakavula, kuika pathireyi.

Madzi, magazi, timizere osaoneka bwino. Ndinawerenga kawiri. Ndinaganiza kuti ndawerenga kawiri. Kenako fupa linafewa mwadzidzidzi pansi pa dzanja langa, mwendo wa Bambo n'kudzidzimuka kamodzi. Kamodzi kokha.

Aphunzitsi pobwera, kabawuti kali kale m'malo. "Kamphete munaveka?" Ine, "Eya." Chimanja anayang'ana pathireyi, n'kuyang'ana pansi. Kachithunzi kakang'ono kamene tinajambula pomaliza sikanaonetse bwino. Aphunzitsi anati zikuoneka kuti ndi pafupi, dzanzi likafika madzulo lisanathe ndiwaimbire, kaya ndi nthawi yanji.

Bambo m'basi, thonje m'kamwa: "Katswiri uja dzanja lake ndi lopepuka."

Loweruka, pa 9 Malichi

Bambo m'mawa pafoni, ati mlomo wa m'munsi kumanzere ukadali ngati wa munthu wina. Ndawauza kuti ndi jakisoni, akuluakulu amachedwa kutha.

Jakisoni ameneyo amatha pa maola anayi. Ndimabaya anthu tsiku lililonse. Ndikudziwa.

Masana mwambo wotsekera maphunziro. Satifiketi ya zilembo zagolide, chithunzi cha gulu, ine kutsogolo mano onse pamtunda. Aphunzitsi pondigwira chanza afunsa za mdala. Ndati ali bwino. Bodza lachiwiri silinavute ngati loyamba, n'zimene zikundiopsa.

Lamlungu, pa 10 Malichi

Kwa Bambo. Tiyi akutsikira pachibwano mpaka pamalaya, iwo osadziwa, akupitiriza nkhani ya nkhunda imene yaswa. Ndawapukuta ngati mwana.

Atuluka pabwalo, akunga milomo. Mphepo yokha, fuu. Ayesanso. Nkhunda zili ndii padenga, kuwayang'ana. Aseka okha, ati lero zanyanyala.

Nambala ya Aphunzitsi ndaitsegula kanayi. Ndati tione mawa, mwina kutupa kukaphwa. Si kutupa. Ndikuopa nkhope ya munthu amene ndinamunamiza, basi.

Lolemba, pa 11 Malichi

Uthenga wa Chimanja mbandakucha: "Mdala ali bwanji? Mukapanda kuimba inu, ndiimba ine." Wamantha uja.

Ndaimba. Pofika 10 koloko Bambo ali m'makina aakulu ojambulira. Kabawuti kali pa 12, kakhala pamtsempha penipeni. Aphunzitsi akachotsa okha, mphindi khumi. Dzino palibe, bowo lasokedwa.

Mu ofesi mwawo ndaulula zonse, za kamphete ndi za Loweruka. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ati iwonso analakwa kusiya ophunzira ndi chobowolera m'manja, ndipo alemba zimenezo mu lipoti lawo. Kenako ati, "Cha Lachisanu ndi cholakwa cha dzanja, tonse tili nacho chathu. Koma mtsempha ukapanikizika umafuna kuumasula tsiku lomwelo kapena lotsatira. Masiku awiri enawa, dokotala, si dzanja."

Kumva kukhoza kubwerera pa miyezi ingapo. Kukhozanso osabwerera. Mankhwala, ndi kuyeza Loweruka lililonse: Bambo atsinzine, ine ndiziwakhudza ndi kathonje, pamene sakumva ndizilemba kadontho ndi cholembera, kuti tizione ngati dera lakufalo likuchepa. Ndipo ati, "Bambo anu muwauze nokha. Ine sindikuchitirani zimenezo."

Panjira Bambo aona nkhope yanga. "Katswirinso ndi munthu, mayi. Musamusungire chakukhosi." Ndangoyang'ana pawindo.

Lachinayi, pa 14 Malichi

Kuntchito. Satifiketi ili m'dirowa pansi pa mabokosi a magolovesi. Mayi wina wabwera kudzazula dzino la m'munsi, ndamufunsa kasanu ngati akumva mlomo, mpaka wandifunsa ngati ndili bwino ineyo.

Achimwene alusa. Alemba kalata yodandaula ku bungwe loyang'anira madokotala, masamba atatu, dzina la Aphunzitsi pamwamba. Akufuna ine ndiikemo mawu achipatala, Bambo asayine. Ati, "Iwe ukudziwa chimene munthu ameneyu analakwitsa, usamuikire kumbuyo chifukwa ndi mnzako wantchito." Ndati ndiiwerenga kaye.

Munthu wosalakwa akadzayankha mlandu wanga.

Loweruka, pa 23 Malichi

Kuyeza kwachiwiri. Sabata yatha timadontho tinazungulira dera lalikulu ngati chivindikiro cha botolo la mankhwala. Lero Bambo akuti "ndamva, ndamva" pafupifupi paliponse. Dera lachepa ndi theka. Ndatumiza chithunzi kwa Aphunzitsi, ayankha kuti n'zofulumira kuposa mmene amayembekezera. Mtima unatsika pang'ono, koyamba chichitikireni.

Koma pachibwano pali bala la lezala limene sakudziwa kuti analitenga liti. Mkati mwa mlomo zilonda ziwiri, akumadziluma podya.

Nkhunda tsopano akumaziitana pomenya chitini ndi supuni. Zina zikubwera, zina ayi. Kalata ya achimwene ili pawailesi, yosasayina. Bambo ati magalasi awo owerengera asowa. Magalasiwo ndawaona, ali m'thumba la malaya.

Loweruka, pa 6 Epulo

Sabata yatha sindinalembe. Ndinalibe nkhope yoonetsa ngakhale kope lino.

Lero pakhonde, Bambo pampando wawo, maso otsinzina, chibwano m'mwamba. Kathonje kali m'manja mwanga. Ndisanawakhudze n'komwe, foni yanga inalira m'chikwama, ndinatembenuka kuti ndiizimitse. Kumbuyo kwanga ndikumva, "Ndamva."

Ndinaima. Ndinakweza dzanja m'mwamba, osawakhudza, kuwerenga mpaka asanu. "Ndamva." Kachitatu chimodzimodzi. Amangoyerekeza nthawi. Masabata onsewa akhala akundipatsa mayankho oti ndigone tulo.

Ndinati, Bambo, sindinakukhudzeni. Anatsegula maso, manyazi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Ndiye zinangotuluka. Ndinati anakuboolani si katswiri, ndine.

"Ndikudziwa, mayi. Nsalu ija inaphimba maso, makutu ayi. Katswiri ndinkamumva ali uko akulimbana ndi wina. Ndipo inu mukapanikizika mumapumira m'kamwa, chiyambire muli kamwana." Ati n'chifukwa chake kalata ija sadzasayina, ndipo achimwene ndiwauze ndekha asanapite nayo patali. Ankamwetulira, mbali imodzi yokha ya mlomo ikukwera. Ati mwana akamaphunzira kumeta amayambira mutu wa bambo ake, palibe chachilendo.

Pamenepo ndikanatha kusiya. Anali atandikhululukira kale, zaulere. Koma anakhululuka zimene ankazidziwa.

Ndinawauza zotsalazo. Kuti kamphete koteteza ndinakavula dala, pofuna kuoneka katswiri. Kuti Loweruka lija atandiimbira ndinadziwa kuti si jakisoni. Kuti Aphunzitsi akanachotsa kabawuti tsiku limenelo mwina bwenzi pano akuimba mluzu, koma ine ndinasankha kukajambulitsa ndi satifiketi. Kuti Lamlungu ndinawapukuta tiyi ndikudziwa.

Kumwetulira kuja kunatha. Anayang'ana padenga nthawi yaitali, ine nditagwira kathonje ngati chitsiru. Chibadwire sindinawaonepo atakhala chete chotero pa nkhani ya ine.

Kenako anatsinzinanso, n'kukweza chibwano. "Yezani. Lero tilembe zoona."

Tinayeza. Dera lija ndi lalikulu ngati tsiku loyamba, kupatula kumunsi kwenikweni, pamene anati akumva ngati nyerere ikuyenda. Ndinabwereza katatu, kamodzi osawakhudza. Pamene sindinakhudze anakhala chete. Ndalemba kadontho pamenepo, pang'ono chabe mkati mwa mzere wakale. Mwina mamilimita awiri.

Sanandiperekeze kugeti monga amachitira. Ndili pamsewu ndinamva chitini chikulira kuseri, kenako mawu awo pamwamba pa mpanda, osanditchula mayi, osanditchula dokotala.

"Loweruka mubwere ndi thonje lina. Ili latha."

Achimwene ndiwaimbira ndikamaliza kulemba mzere uno. Ndautalikitsa kale mokwanira.