Tsiku Limene Amuna Ako Anandilanda Mapiritsi

14 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira ukudzuka bwino kumeneko. Ana ako ali bwino, akudya ngati pali amene akuwathamangitsa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandidula pakamwa, ndipo nkhani iyi ndikufuna uimve yonse. Bambo ako anagonekedwa m'chipatala. Khala pansi, atuluka.

Zinayamba ndi mkodzo wowotcha. Kuchipatala anawapatsa Bakitirimu, ndipo ukundidziwa ine pa mankhwala: ndimaima pamaso pa munthu mpaka ameze, ayasamule ndione. Anatiphunzitsa kuti mankhwala sasiyira panjira. Patapita masiku anayamba kudzikanda, thupi kutentha, maso kufiira. Ine ndinati ndi matenda omwewo akukana kutuluka.

Loweruka ndinawaperekeza kokameta kwa amuna ako, mapiritsi ali m'chikwama changa kuti amwere komweko. Anawakhazika pampando wong'ambika uja, nkuwafunditsa nsalu, nkupinda kolala. Kenako anazimitsa makina ometera. Anayang'ana pakhosi, kuseri kwa makutu, nkuwapempha kuti ayasamule.

“Amayi, zidzolozi zayamba liti?”

“Ndi thukuta limenelo. Metani, anthu akudikira.”

“Thukuta silitulutsa zilonda m'milomo. Akumwa mankhwala anji?”

Ndinatulutsa mapiritsi ndi botolo la madzi, poti nthawi yomwera inali itakwana. Mwana wanga, munthu amene chikukwatirire sanandiyang'anepo m'maso, amene ndikawakalipira amayankha kuti zikomo, anandigwira dzanja nkuchotsamo mapiritsiwo.

“Awa samwanso mpaka adokotala awaone.”

“Udokotala mwauyamba liti, inu ometa tsitsi?”

“Sindine dokotala, amayi, nchifukwa chake tikupita kwa dokotala. Muzikandikalipira m'galimoto.”

Bambo wina amene ankadikira pabenchi anati, “Nanga ife?” Amuna ako anati tsitsi silithawa, nkukhoma chitseko. Ndinawakalipiradi njira yonse. Iwo anangogwirizira mutu wa bambo ako paphewa.

Adokotala anatiuza kuti mankhwalawo ndi abwino, amachiza anthu ambiri, koma muli chinthu chotchedwa salufa chimene matupi ena amadana nacho. Ena zimangothera pa zidzolo zoyabwa. Koma zikafika m'kamwa ndi m'maso, thupi likutentha, khungu limatha kusupuka ngati munthu wapsa ndi moto, ndipo ena sabwerera kwawo. Akuti kumaliza mankhwala ndi lamulo labwino, koma zikatere umasiya nkuthamangira kuchipatala. Sindinafunse kuti akanapitiriza kumwa zikanatha bwanji.

Anawaika diripi nkuwasinthira mankhwala. Milomo inatupa, kulankhula kunakanika, ankangoloza ndi chala. Amuna ako ankabwera m'mawa uliwonse asanatsegule shopu, kudzawamwetsa madzi ndi kasupuni ndi kuwapaka mafuta m'milomo, pang'onopang'ono, osawapweteka ngakhale kamodzi. Ine ndikayesa, zinkandikanika. Ndinkatuluka panja, ndinkati m'chipindamo mukutentha.

Tsopano amuna ako awagulira kachibangili kolembedwa kuti salufa ayi. Bambo ako akudandaula kuti akuoneka ngati mtsikana. Ndawauza kuti akakavula ndiwamanga nako pakhosi. Kulikonse kolandirira mankhwala tizinena tisanafunsidwe, ngakhale a malungo, poti Fansida nayenso ali ndi salufa yemweyo. Mapiritsi otsala ndinabweza kuchipatala azakhali ako asanabwere kudzapempha, poti iwo aja mutu ukangowawawa amameza chilichonse choyera.

Chimene ndikukupempha nchimodzi. Uwaimbire amuna ako, uwathokoze bwinobwino, monga amathokozera anthu. Ine ndinayesa dzana. Ndinawaitana, ndinawakhazika pampando wa alendo, ndinakonza kukhosi, koma chimene chinatuluka nchakuti malaya awo ndi osasita. Anati zikomo amayi. Mwina anamva. Pamenepa unasankha bwino, ndipo usadzandifunse kuti ndibwerezenso.

Ana akuti uwatumizire chithunzi chako chatsopano. Amuna ako akupereka moni, akuti usade nkhawa ndipo usasiye ntchito nkuthamangira kuno. Bambo ako nawonso akuti moni. Khungu likusendeka, milomo sinapole kwenikweni, mawu akutuluka aang'ono. Ndinati ndingokulembera ndekha, anakana. Anadzuka nkukhala tsonga, nkutchula dzina lako ndi pakamwa pawo.

Ndine,
Mayi ako