Njinga yopanda mabuleki

Lachinayi, mwezi wa Novembala. Tsiku loipa.

A Dennis, nkhalamba ya ku Mangalande imene ndimasamala kuno kunja, m'tauni ya Lanham, sanadyenso. Supu ndamutenthetsa, wabwerera momwemo. Pa unyamata wawo ankapikisana pa njinga m'bwalo lozungulira, mpaka anaimira dziko lawo. Mamendulo ali mbwee pakhoma, koma lero sakukumbukira ngakhale dzina langa. Miyendo yokha ndiyo sinaiwale. M'mawa uliwonse ankatsikira m'chipinda chapansi, n'kupalasa njinga yawo yomangirira pachitsulo, kenako n'kudya ngati munthu wochokera kumunda.

Sabata yatha anagwa pamasitepe. Mwana wawo, amene amagwira ntchito mumzinda, kudera la Foggy Bottom, anakhoma chitseko cha chipinda chapansicho n'kundisungitsa kiyi. Lero pa foni wati, "Akapitiriza kuwonda, ndiwapititsa ku nursing home, kosungirako okalamba." Walankhula mokoma, mmene amalankhulira munthu woti watsimikiza kale. Iwo akapita, ntchito yanga yatha, pogona panganso patha.

Masana ndawapeza ataima pachitseko chija. Ndati, "Agogo, tiyeni tikadye." Andiyang'ana n'kunena kuti njinga yawo ilibe mabuleki, ukasiya kupalasa imakuponya pansi. Kwathu njinga yotero tikanaitaya, koma iwo inawapatsa mamendulo.

Ndikatsegula iwo n'kugwanso, mlandu ndi wanga. Ndikapanda kutsegula, azingotha ine ndikuona. Kiyi ali m'thumba la yunifolomu. Mawa mwana wawo sabwera mpaka madzulo, ndiye mwina nditawagwira m'chiuno potsika...